Ku Lyme Regis, pagombe la Mary Anning

Ndinakwera sitima m'mamawa ku London Waterloo n'kukatsikira ku Axminster, kenaka basi mpaka ku Lyme Regis, katawuni ka m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa England. Mayi wina m'basimo anandilangiza kuti ndidikire madzi aphwe kaye, komanso ndisayandikire maphompho chifukwa dothi lake limangogumuka mwadzidzidzi.

Madzi ataphwa ndinatsetserekera ku Monmouth Beach. Pathanthwe lotuwa panali mbwee zigoba zopindika ngati nkhata, zina kukula kwake ngati mbale ya nsima. Amazitcha ammonite. Ndinagwada n'kuyendetsa chala m'mizere ya chimodzi, chozizira, chonyowa, cha zaka pafupifupi 200 miliyoni. Mawondo a buluku ananyoweratu koma sindinafune kudzuka.

M'magombe amenewa ndi momwe Mary Anning, wofukula mafupa a zamoyo zamakedzana, ankapezera chakudya. Bambo ake, omwe anali kalipentala, anamwalira mu 1810 n'kusiya banja pa ngongole, ndiye ana ankatola miyala yotereyi kumagulitsa kwa alendo. Mu 1811 mlongo wake Joseph anapeza chigaza chachitali cha mano ngati a ng'ona, ndipo patapita miyezi Mary, akadali kamtsikana, anafukula thupi lake. Chilombocho chinadzatchedwa Ichthyosaurus, kutanthauza buluzi wonga nsomba. Mu December 1823 anapezanso mafupa athunthu a Plesiosaurus, cha khosi lalitali moti katswiri wa ku Paris, Georges Cuvier, poyamba anakayika kuti mwina n'chopanga.

Apa ndi pomwe mtima unandiwawa. Katswiri wina, William Conybeare, anakafotokoza za mafupawo ku Geological Society, bungwe la akatswiri a miyala ku London, mu February 1824, koma mwini kufukula sanamutchule n'komwe. Bungwelo silinkalandira akazi kukhala mamembala mpaka 1919. Amuna ophunzira ankagula mafupa kwa iye, kuwapatsa mayina, ulemu n'kukhala wawo, chonsecho amene ankapalasa matope nyengo yozizira anali iyeyo. Mu 1833 dothi linagumuka n'kukwirira galu wake Tray iye akuona.

Chiboliboli cha Mary anachiimika mu 2022, akuyenda ndi dengu, galuyo ali pambali. Ndinachidutsa n'kukwera kamtunda kupita ku tchalitchi cha St Michael, komwe anagona mu 1847 ali ndi zaka 47. Pamanda pake alendo amasiya timiyala ndi tizigoba. M'thumba ndinali ndi ka ammonite konga kakhobidi komwe ndinatola kuti ndikaonetse ana kunyumba. Ndinakasiya pomwepo n'kuthamangira basi yamadzulo.