Momwe ndinapezera moto wa kawailesi kanga ka mawati 5

Chiphaso cha ku MACRA chondilola kulankhulana ndi anthu ena pa wailesi (amateur radio) chitatuluka, n'kupatsidwa dzina la pamphepo lodziwika nalo pa wailesi, loyamba ndi 7Q monga anzanga onse a kuno ku Malawi, ndinkaganiza kuti chatsala n'kupachika eriyo basi. Kawailesi ndinali nako kale, Yaesu FT-817 yogula kwa munthu, kolowa m'chikwama cha mwana wa sukulu, kotulutsa mawati 5 okha. Chimene chinandidyera masabata ndi moto.

M'kati mwake mumalowa mabatire 8 a AA. Ndinagula pa okala kwathu ku Area 25, koma sanafike nawo usiku. Kawailesika pongomvetsera kamakoka pafupifupi theka la ampu, ukayamba kulankhula kamafika maampu 2. Komanso kakakhala pa mabatire am'kati kamayambira pa mawati 2.5.

Choyamba ndinagwira kabokosi ka mabatire aja. Pa mawaya ake pali wina wobiriwira, ndiye amauza wailesi kuti isatchaje zimene zili m'katimo. Ndinamudula, kukulunga nsonga zonse ziwiri ndi tepi, n'kuikamo mabatire otchaja a NiMH. Pachivundikiro ndinamatapo kapepala kondikumbutsa, chifukwa ukadzaiwala n'kuikamo mabatire wamba, kenako n'kulumikiza tchaja, amatha kuphulikira m'wailesi momwemo.

Zinathandiza, koma moto wa tsiku lathunthu unafunika batire lakunja. La njinga yamoto ndinalikana chifukwa cha kulemera. Ndinapita ku Malangalanga kwa mnyamata wina wokonza malaputopu, ndipo anandikhuthulira mabatire akale patebulo.

"Madala, musatenge ndi maso, ambiri mwa awa ndi akufa. Mita mwabwera nayo?"

Ndinali nayo. Tinaswa mabokosi asanu, kutulutsa timabatire ta lithiamu totchedwa 18650, n'kuyeza kamodzikamodzi. Kalikonse kotsika kuposa mavoti 2.5 tinakaika pambali. Ndinatenga 6 tofanana mphamvu.

Kunyumba ndinatimanga tiwiritiwiri, kenako magulu atatuwo kuwalumikiza motsatana. Zikadzaza zimapereka mavoti 12.6, pogwira ntchito zimakhazikika cha pa 11. Poyamba ndinkadandaula kuti sizikufika mavoti 13.8 amene aliyense amatchula pa mawailesi otere, koma wailesiyi imalandira kuyambira mavoti 8 mpaka 16, ndipo ukaipatsa ochuluka, otsalawo amangosanduka kutentha. Ine ndimaona kuti 11 kapena 12 ndiye pabwino, makamaka mu Okutobala pamene chitsulo chimatentha ngakhale uli pamthunzi. Ndinaikapo BMS (kabolodi koyang'anira batire) ya magulu atatu, yoteteza kuti timabatire tisadzaze mopyola kapena kuphwa, ndi fyuzi ya maampu 3 pafupi penipeni ndi batire. Fyuziyi musaisiye. Timabatire timeneti waya akagundana timayatsa moto weniweni.

Pulagi ya moto yolowa kumbuyo kwa wailesi pakati pake ndi pozitivu. Ndinayeza katatu ndisanailowetse, mtima uli m'mwamba, poti kusemphanitsa kamodzi kokha n'kokwanira kupha wailesi yomwe zipangizo zake simungazipeze m'tauni muno.

Pa sola ndinatsala pang'ono kulakwitsa. Panelo yolembedwa mavoti 12 nditaiyeza padzuwa yopanda katundu inaonetsa kupitirira 20. Ndiye siilumikizidwa ku wailesi mwachindunji. Imatchaja batire kudzera pa kontirola yoyenera lithiamu, ndipo ndikamamvetsera ndimaichotsa, chifukwa kontirola yanga imalowetsa phokoso.

China chaching'ono ndinachiphunzira mochedwa: eriyo ukailumikiza kumbuyo, m'kati mumakhala relay (swichi yoyendera magetsi) yoyaka nthawi yonse, ikudya moto. Pabowo lakutsogolo la BNC sizitero, choncho ndimagwiritsa ntchito lomwelo, magetsi apagalasi n'kuzimitsanso.

Loweruka lina ndinakwera minibasi ya ku Bunda, n'kukwera phiri mpaka pomwe mpweya unandilola. Eriyo inali mawaya awiri a mamita 5 aliyense, ya pa 14 MHz, pakati nditamangirira kunsonga ya nsungwi. Anyamata awiri oweta mbuzi anandigwirira zingwe. Ndinaitana pa 14.285 MHz kwa mphindi ngati 20 popanda woyankha, kenako munthu wa dzina loyamba ndi ZS, wa ku South Africa, anabwereza dzina langa lonse bwinobwino. Nditamuuza kuti ndili pa mawati 5 anandifunsanso kawiri. Mmodzi wa anyamata aja anafuna kudziwa ngati ndaikamo mayunitsi.

Ndinatsika dzuwa litapendeka, mita ikuonetsa mavoti 11.2.