Zikomo amayi a ku Chinamwali

Bambo anga atagonekedwa m'chipatala kuno ku Zomba, gadiyani ndinali ndekha. Amayi ena achisilamu a ku Chinamwali, omwe ankadwazika mwamuna wawo, ankandipatsa phala m'kapu yawo m'mawa uliwonse, chonsecho iwo akusala Ramadan.

Usiku umene bambo anayamba kubanika, ine ndinangoti kakasi. Amayi aja anandigwira paphewa: "Mwanangu, gwadani mupemphere kwa Yesu wanuyo, ine ndikaitane anamwino." Kutacha anatuma mnyamata wawo pa kabaza kukatenga abusa athu ku Mpondabwino.

Bambo anamva Salimo 23 akadali ndi nzeru zawo, milomo ikutsatira pang'onopang'ono, ndipo anati "Ameni" momveka. Anatisiya madzulo ake ali phee.

Amayi, kapu yanu ija ndikadali nayo. Ndibwera nayo ndekha ku Chinamwali.