Sabata yosaka fulashi, ukwati uli Loweruka

Ntchito yathu yojambulayi anthu amaiona Loweruka basi tikamathamanga ndi kamera kutsogolo kwa akwati, koma sabata iliyonse imakhala ndi zake, ino nde inali ya fulashi. Ndili ndi kamera ya Canon 6D ndi fulashi ya Speedlite 430EX II imene yandidyetsa zaka ndithu, sindiinyoza ayi, koma ukwati wa Loweruka unali wa anthu ambiri mu holo yaikulu, ndiye ndimafuna yachiwiri yoti izikhala pa kamera, yakaleyo ikwere pa stand cha pakona.

Lolemba ndinali pa kompyuta kumalizitsa zithunzi za graduation, kenako mwana wa achemwali anga yemwe ndimayenda naye ngati wothandiza ananditumizira screenshot pa WhatsApp. Winawake pa Facebook akugulitsa fulashi ya Yongnuo YN560 yogwirapo kale ntchito, mtengo wabwino, iye akuti "ankolo ndikutumiza ndalama pompano asanaitenge wina." Ndinamuuza kuti dikira kaye iwe, tenga kamera yakoyo uyang'ane pamwamba pomwe pamalowa fulashi paja, pa hot shoe, undiuze ngati pakati penipeni pali kachitsulo kozungulira kokulirapo. Anayang'ana, palibe, pali ting'onoting'ono tinayi tokha. Kamera yake ndi Canon 2000D, ndipo ma 2000D ambiri, 4000D komanso 250D anatuluka opanda kachitsulo kapakatiko. Tsono fulashi ya manual, yomwe mphamvu yake umaiika wekha, ngati YN560 kapena Godox TT600 imamvera pomwepo kuti nthawi yoyaka yakwana, popanda iko ungodina shutter mpaka chala kuwawa fulashi ili duu. Za Canon zenizeni za EX zimagwira bwinobwino, zina za Godox za TTL, zomwe zimadziyezera zokha mphamvu ya kuwala, zimagwiranso ukaziikira firmware (pulogalamu ya mkati mwake) yatsopano, koma ine lamulo langa ndi limodzi, pita ndi kamera yako ukayese pamaso pa wogulitsa. Ndipo uwerenge chilembo chakumapeto, Godox amalemba C ya Canon, N ya Nikon, S ya Sony, F ya Fujifilm, thupi limafanana koma tizitsulo tapansi timasiyana.

Tili pomwepo ndinamuchenjezanso za mafulashi akalekale a nthawi ya filimu omwe amapezeka m'makatoni a katundu wa kunja. Ena ngati ma Vivitar 283 oyambirira amatumiza ma volts opitirira 200 pa phazi lake, makamera akale ankapirira zimenezo koma a digito ena sapirira, ukhoza kuwotcha kamera chifukwa chothawa mtengo.

Lachiwiri ndi lomwe ndinakhala pansi kufananitsa. Wogulitsa aliyense amayamba ndi nambala yaikulu ya pa bokosi ija, guide number, yosonyeza mphamvu ya fulashi. "Bwana iyi ndi 60, yanuyo ndi 43 chabe." Zoona, koma nambala imeneyi ili ndi nkhani yake. Masamu ake ndi osavuta, ukagawa guide number ndi f-number (nambala ya kutseguka kwa lenzi) umapeza mamita omwe kuwala kufike pa ISO 100 (ISO ndi muyezo wa m'mene kamera ikumvera kuwala), ndiye 60 pa f/4 ndi mamita 15. Zokoma eti. Koma 60 ameneyo amamuyeza mutu wa fulashi uli pa zoom ya 200mm, kuwala konse atakupanikiza malo amodzi, ndipo ndani amajambula gulu la ankhoswe ndi 200mm? Canon 600EX-RT yomwe inatuluka mu 2012 ndi 60 pa 200mm koma ukaibweza pa 35mm imatsika kufika cha m'ma 36. Yanga ija 43 yake ndi ya pa 105mm. Nikon SB-700 amailemba 28, munthu n'kumaiona ngati yofooka, chonsecho iwo anayezera pa 35mm. Ndiye kufananitsa manambala osafunsa kuti anayezera pa zoom yanji n'kungotaya nthawi. Komanso makamera a masiku ano ISO 800 kapena 1600 ndi yoyera ndithu, ndipo ukangochoka pa 100 kupita pa 400 mtunda wa fulashi wawirikiza kale kawiri. Mphamvu si imene imandisowa ine pa ukwati. Chimene chimandisowa ndi liwiro, kuti ndikawombera kamodzi fulashi idzadzenso msanga ndisanaphonye chachiwiri.

Lachitatu kunali kantchito ka masana, ofesi ina imafuna chithunzi cha ogwira ntchito onse panja, ndipo abwana awo anasankha 12 koloko yeniyeni poti ndi nthawi yomwe aliyense amapezeka. Dzuwa lili paliwombo, maso a anthu onse alowa mumthunzi, zipumi zikunyezimira. Apa fulashi imagwira ntchito yodzaza mithunzi, anthu amadabwa kuti masanasana mukuyatsiranji, koma ndi nthawi imene imafunika kwambiri makamaka pa khungu lathu lakudali. Vuto ndi sync speed, liwiro lomaliza la shutter lomwe limagwirizana ndi fulashi. 6D yanga imalekeza pa 1/180, makamera ambiri ndi 1/200 kapena 1/250, ukapitirira pamenepo ndi fulashi wamba mbali ina ya chithunzi imada chifukwa makatani a shutter sakhalanso otsegula onse nthawi imodzi. High speed sync (HSS) imathetsa zimenezo, fulashi imaphethira mofulumira kambirimbiri m'malo moyaka kamodzi, koma imadya mphamvu koopsa, pa gulu la anthu lomwe waima nalo patali siithandiza kwenikweni. Ndinangowasunthira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesiyo, f/8, 1/180, fulashi pang'ono, zatheka. HSS ndi yabwino kukhala nayo pojambula munthu mmodzi kapena awiri pafupi ukufuna kumbuyo kusungunuke, koma si chifukwa choti munthu alowere ngongole.

Lachinayi ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kwa mnzanga wina amene amabweretsa zipangizo kuchokera ku Joni. Mitengo sindilemba pano chifukwa pofika mawa ikhala itasintha, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cha kamera amachiwerengera mu dola kapena randi, ukafunsa mtengo munthu amayamba wayang'ana kaye pa foni. Za Canon zatsopano ndinangozipatsa moni. Patebulo panatsala ziwiri za Godox, TT685 ndi V860II, ndipo kunena zoona mkati mwake ndi mapasa, zonse TTL, zonse HSS, zonse 60 pa 200mm, mutu umazungulira mbali zonse ndi kuweramira m'mwamba, zonse zili ndi wailesi ya 2.4GHz mkati yolumikizirana ndi mafulashi ena. Kusiyana ndi chakudya chake. TT685 imadya mabatire anayi a AA, V860II ili ndi batire lakelake la lithium lochajitsa.

Pa pepala Godox amati la lithium limapereka kuwombera pafupifupi 650 pa mphamvu yonse ndipo limadzadza pa sekondi imodzi ndi theka, pomwe ya AA ndi cha m'ma 230 ndipo imatha kufika masekondi awiri ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Ndiye mwina mukuti nkhani yatha, lithium yawina. Ayi, ndinaima nthawi ndithu pamenepo. Ma AA ubwino wake ndi woti ukakhala ku Thyolo kapena ku Ntcheu mkati mwenimweni mabatire atha, umatuma mwana pa okala n'kupeza ena, ngakhale a pa okalawo amafooka msanga ndipo fulashi imachita kudzadza mwaulesi, komabe chithunzi chimatuluka. La lithium likatha latha, ndipo magetsi akazima Lachisanu usiku usanachaje, Loweruka udzalira. Mnzangayo anangoti "achimwene inu mumajambula maukwati a m'tauni, tengani ya lithium mugule batire lachiwiri, ma AA anu ochajitsa a Eneloop aja asiyireni yakale ija." Ndinaona kuti akunena zoona ngakhale amafuna kugulitsa yodulayo. Batire lachiwiri analibe, wati libwera ndi katundu wotsatira. Ndinatenga V860II ya C, ndi ka receiver ka X1R koti ndimange pansi pa 430EX II, chifukwa yakaleyo ilibe wailesi, imangomvera kuwala kwa inzake, ndipo mu holo yaikulu kapena panja kumvera kotereku n'kosadalirika.

Godox V1 ya mutu wozungulira ija inaliponso, yokongola ndithu, kuwala kwake kumafalikira mofewa m'mbali, koma ine nthawi zambiri ndimawombera kudenga kapena kukhoma, ndiye kuzungulira kwa mutu sikundipindulira mokwanira ndalama yowonjezerayo.

Lachisanu madzulo kunali chinkhoswe pakhomo pa anthu, mu tenti, ndipo ndi pomwe ndinaiyesera. Anthu a pa YouTube amakonda kunena kuti osaloza fulashi kumaso, iwombere ku siling'i kuwala kubwerere kofewa. Ndi zoona kwa iwo okhala ndi siling'i yoyera yotsika. Tenti iyi anaikongoletsa ndi nsalu za pepo ndi golide mpaka kudenga, ukawombera m'mwamba kuwala kumabwerera kutatenga mtundu wa nsaluzo, nkhope za anthu kumaoneka ngati biringanya. Ndiye ndinaimika mutu m'mwamba pang'ono n'kumangirira kakhadi koyera kumbuyo kwake ndi labala, kuwala kwambiri kuzichokera pa khadipo, mphamvu yotsika, ISO 1600, shutter 1/60 kuti timagetsi ta m'tentimo tizionekabe kumbuyo. Mababu awo anali achikasu aja, ndiye ndinamata ka gel ka olenji pa fulashi kuti mitundu igwirizane, apo ayi munthu amatuluka wotuwa kumbuyo kuli chikasu, ndipo kukonza zimenezo pa kompyuta chithunzi chimodzichimodzi ndi chilango. Nthawi yobweretsa nkhuku ndi yonamizira mkwatibwi ija, pomwe amabweretsa atsikana ofunda zitenje kuti akuchimuna asankhe, zinthu zimachitika mothamanga ndipo anthu amaimirira kutsogolo kwako ndi mafoni, apa mpomwe ndinayamba kuikonda, ndimadina n'kudinanso iyo ili tayale.

Loweruka kutchalitchi abusa ananeneratu kuti nthawi ya malumbiro ndi pemphero fulashi ayi, ndipo ine ndimagwirizana nazo, lenzi ya 50mm f/1.8 inagwira ntchito yake. Nkhondo inali ku holo. Denga la malata lalitali lopanda siling'i, mipanda ya njerwa zosapaka, palibe poti kuwala kugunde n'kubwerera. Yakale ija tinaikweza pa stand kumbali ya steji ndi ambulela yoyera, pa manual 1/4, mnyamata wanga ntchito yake kuilondera kuti ana asaigwetse ndi kusintha ma Eneloop akayamba kufooka. Yatsopano pa kamera, TTL, ndipo ndi yomweyo imalamula inzakeyo pa wailesi.

TTL anthu amaitenga ngati ili ndi nzeru zonse, koma imangoyeza kuwala kobwerera kuchokera ku kakuphethira koyamba kenako n'kuyerekeza. Mkwatibwi akadzaza chithunzi ndi diresi loyera ndi velo, iyo imaganiza kuti kwawala kwambiri n'kuchepetsa, nkhope yake n'kuda. Ukatembenukira kwa mkwati ndi anyamata ake a masuti akuda imawonjezera mpaka zipumi kuyera mbuu. Ndiye chala chimakhala pa flash compensation, powonjezera kapena kuchepetsa kuwala komwe TTL yasankha, tsiku lonse, kwa mkwatibwi kukweza pang'ono mwina +2/3, kwa a masuti kutsitsa. Ichi n'chifukwa chake ndimayang'ananso mabatani posankha fulashi, ngati kusintha mphamvu kukufuna kulowa mu menu kawiri katatu, mumdima, DJ akuphulitsa, imeneyo si ya ukwati. Koma TTL yomweyo pa perekaniperekani ndi imene imakupulumutsa, chifukwa anthu akuvina kubwera kwa iwe, wina ali pa mita imodzi wina pa mamita anayi, ndipo kuwala kumatsika kanayi mtunda ukangowirikiza kawiri, pa manual sungathe kuthamanga nazo.

Perekaniperekani anatenga maola, MC kuitana a kuchikazi, a kuchimuna, a kuntchito, a kumpingo, a banki m'khonde, ndipo aliyense woponya ndalama amafuna aoneke dzanja lili m'mwamba ndalama ili m'malere, ukaphonya akufunsa Lolemba. Fulashi ikamawombera motsatizana pa mphamvu yonse imatentha, iyi ili ndi chitetezo choti ikafika cha m'ma 30 motsatizana pa 1/1 imayamba kuchedwa dala kuti izizire, ndiye ndinasunga ISO pamwamba ndi f/4 kuti isamagwire ntchito yolemetsa, sinafike pamenepo. Ma AA a pa stand tinasintha pakati pa mwambo, la lithium linafika kumapeto likadali ndi mphamvu, mpaka zithunzi za panja akwati akukwera galimoto.

Lamulungu nditachoka kutchalitchi ndinayamba kusankha zithunzi, zambiri za perekaniperekani zili bwino, zakuda chifukwa fulashi sinadzadze ndi zochepa kwambiri kuyerekeza ndi kale. Mwana wa achemwali uja wabwera madzulo ndi 2000D yake kudzayesa 430EX II, yayaka bwinobwino pa kamera yake, ndiye tagwirizana kuti azibwereka pakati pa sabata akapeza tintchito ta ma birthday, koma Lachisanu lililonse izikhala yabwerera m'chikwama changa pamodzi ndi ma Eneloop onse atachajidwa. Ndalama yake ija asunge kaye, mnzanga wa ku Limbe wati katundu wotsatira mukhala TT685 ya C, tikaiyesera konko pa kamera yakeyo tsiku lomwe ndikukatenga batire langa lachiwiri.