Kavidiyo ka achemwali ndi vape yangayi

Sabata yatha achemwali anga aku Area 25 anaponya kavidiyo pa gulupu ya banja pa WhatsApp, mnyamata wachizungu ali gone kuchipatala mapaipi mphuno monse, pansi alembapo kuti izi ndiye zotsatira za vape, ndudu yamagetsi ija. Kenako voice note ya mphindi zinayi, ati achimwene kachitoliro kanu kaja mukataye lero lomwe, ife sitikufuna kudzalandira bokosi ku eyapoti. Ndinaseka ndithu koma usiku wonse ku shifiti nkhaniyi imangondizungulira m'mutu.

Ine fodya ndinayamba ndili fomu 3, ndudu imodzi imodzi ya pa okala, ndipo kwathu sizinali zachilendo poti agogo ku Kasungu ankalima bale komanso ankapichira chingambwe chawo pakhonde madzulo aliwonse. Nditabwera kuno ku Leeds ndinapeza paketi imodzi ili yodula koopsa, ndalama yoti kumudzi ikagwira ntchito yooneka, chifuwa nachonso chinali chitayamba kulira ngati kaliwo ndikamakwera masitepe. Amene anandiuza kuti ndiyese vape ndi nesi wa kumalo othandiza anthu kusiya fodya, ee nesi weniweni wa yunifolomu, ndiye mumvetse chifukwa chake kavidiyo kaja kanandisokoneza.

Nditakafufuza ndinapeza kuti ndi nkhani ya ku America ya 2019, matenda a mapapo aja anawatcha EVALI. Anthu pafupifupi 2,800 anagonekedwa m'zipatala ndipo 68 anamwalira, zimenezo ndi zoona palibe wokana. Koma chomwe kavidiyoko sikananene ndi choti bungwe la zaumoyo la boma la America, CDC, litafufuza linapeza kuti ambiri mwa anthuwo ankakoka mafuta a chamba ogula kwa anthu wamba mumsewu, ndipo ogulitsawo ankasungunulira mafutawo ndi vitamin E acetate kuti achuluke, ngati muja ena amathirira madzi mumkaka. Chimene chinaononga mapapo ndi chimenecho. Koma mutu wankhani woti "vape yapha anthu" umayenda msanga kuposa kufotokoza zonsezi, ndiye mpaka lero kavidiyo kazaka zimenezo kakuzungulirabe ngati zachitika dzulo.

Chimodzimodzi ija amati popcorn lung, matenda ena a mapapo omwe anthu amaopsezana kuti amabwera ndi vape. Dzinali linachokera kwa anthu ogwira ntchito mufakitale ya mbuliuli ku Missouri omwe ankapuma mankhwala otchedwa diacetyl tsiku ndi tsiku, ndipo kuno ku UK mankhwalawa analetsedwa m'madzi a vape mu 2016. Mu utsi wa ndudu wamba diacetyl alimo, koma zimenezo simudzaziona pa Facebook.

Maboma nawo akungotisokoneza, aliyense akuimba nyimbo yake. Mu 2015 a Public Health England, bungwe la zaumoyo la boma la kuno nthawi imeneyo, ananena kuti vape ndi yochepa kuopsa ndi pafupifupi 95 peresenti poyerekeza ndi ndudu, nambala imeneyi akatswiri ena anaitsutsa kwambiri kuti maziko ake ndi ofooka, komabe boma la kuno mu 2023 linafika polengeza kuti ligawa ma vape aulere kwa osuta 1 miliyoni kuti asiye ndudu. India inaletseratu mu 2019. Ku Australia kuyambira 2024 umakagula ku famase basi. WHO imangochenjeza. Kachipangizo kamodzi komweka, kwina mankhwala kwina mlandu wa kupolisi. Mfundo ya aku England ine ndimaimva, chomwe chimapha kwambiri mu ndudu ndi phula ndi mpweya woipa wochokera pa kuyaka kwa fodya, pomwe vape siyaka, imangotenthetsa madzi a propylene glycol, glycerine, nikotini ndi zonunkhiritsa n'kutulutsa nthunzi.

Tsono apa ndinene zanga zomwe aja ogulitsa sakuuzani. Masabata oyamba kukhosi kunali gwa, mkamwa kouma ngati ndadya ufa, kutsokomola, ndipo tsiku lina ndinakoka mowirikiza ya nikotini wa 20mg (ndiyo malire ololedwa kuno pa mililita iliyonse) mpaka mutu waaa, nseru, mtima kugunda ngati ndathamangitsidwa ndi galu, ndinakhala pansi mu kolido mnzanga wa ku Zimbabwe n'kumandifunsa ngati aitane ambulansi. Zimenezo zinadzatha. Chomwe sichinathe ndi chibaba, ndipotu chinakula. Ndudu imatha, umaizimitsa n'kubwerera mkati, komanso kunja kukazizira umachita ulesi kutuluka. Vape ilibe pothera, ili m'thumba, ili pansi pa pilo, ndimadzuka 3 koloko usiku dzanja likuifufuza lokha maso ndisanatsegule. Ndudu sindinaigwirenso kuyambira 2022, masitepe ndikukwera bwinobwino, malaya sanunkha, koma kunena kuti ndamasuka ndiye kunama. Komanso chinthuchi anachipanga bambo wina dzina lake Hon Lik ku China mu 2003 momwemu, munthu amene wakoka zaka 40 kuti timuone mapapo ake palibe.

Pomwe boma la kuno linaletsa ma vape otaya aja pa 1 June 2025 ine sindinadandaule olo pang'ono, ana asukulu anali nawo pa siteji ya basi paliponse, a fungo la mango, la chingamu, kenako n'kumangowataya pansi ndi mabatire ake omwe amayatsa moto m'magalimoto a zinyalala.

Ndiye chodabwitsa, tsiku lomwelo la voice note, mwana wa achemwali omwewo, mnyamata wa zaka 19 yemwe sanagwirepo ndudu chibadwire, anandilembera ku inbox kuti ankolo mukamabwera December mundigulireko ya mango, anzanga ku koleji ali nazo. Ndinamukanira ndipo ndinamuuza za 3 koloko ija, anangoyankha ndi ka emoji koseka. Amayi ake sindinawauze, iwo ndinangowayankha kuti ndatsika kufika pa 6mg, ati ziro ilipo? Ndati ilipo achemwali, botolo lake ndinagula kale lili mu kabati, sindinalitsegule.