Kukhala pa boti la thanga: mwini ulendo ndi mwera

Ife a ku Dedza timaiwala kuti boma lathu lili ndi nyanja. Ukangotchula Dedza anthu amaganiza za kuzizira, kachewere, phiri ndi mapaini a ku Chongoni basi, koma takhotani pa Masasa mutsike Khwekhwerere uja mpaka pa Golomoti, jekete muvula nokha osauzidwa, ndipo kumunsi uko kwa Kachindamoto madzi ali pompo. Ineyo ndinakulira ku Bembeke, nyanja ndinkangoiona patali kunja kukayera bwino, moti nditauza mayi a kunyumba kuti ndikukagona pa boti anandiyang'ana kaye nkuti, bambo a ana, inu osamba m'beseni inu?

Nkhani yake inali ya ntchito. Ndimapanga za sola ndi mawaya, ndiye mnzanga wina wa ku Monkey Bay anandilumikiza ndi madala ena opuma pantchito omwe ali ndi boti la thanga ku Cape Maclear, mabatire awo samasunga moto. Nditakonza anati akufuna munthu wachitatu paulendo wopita kumpoto, woti aziona za magetsi nkumathandiza kukoka zingwe. Wachiwiri anali achimwene ena a m'mudzi wa Chembe, msodzi wakale, munthu wosalankhulalankhula koma nyanja amaiwerenga ngati nyuzi.

Amene mumaona zithunzi pa Facebook nkumati awa ndiye akudya bwino, imani kaye ndikuuzeni mkati mwake momwe muliri. Botilo ndi la mamita 9 kutalika, ndipo mmenemo ndi momwe muli chipinda chogona, khitchini, chimbudzi, sitolo ya zida ndi pabalaza. Ukaimirira mosasamala mutu wagunda denga. Chilichonse chili ndi malo ake ndipo chimamangidwa kapena kutsekeredwa, kapu ukangoisiya pa tebulo ukaitola pansi. Chimbudzi ndi chopopa ndi dzanja, ndipo akakhala mmenemo mnzako mumamva zonse, manyazi amatha tsiku loyamba lomwelo. Magetsi ndi a 12 volts ochokera pa mapanelo awiri, ndiye firiji kakang'ono, nyale ya pamwamba pa mlongoti, wailesi ndi mafoni zonse zimalimbirana batire imodzimodziyo, kukachita mitambo ine ndi amene ndimagamula kuti lero firiji igone.

Koma chomwe chinandisokoneza mutu kwambiri si kuchepa kwa malo ayi, ndi nkhani ya nthawi. Ife a kumtunda tinazolowera kuti ukanena kuti mawa ndili ku Lilongwe ndiye kuti mawa uli ku Lilongwe, minibasi ichedwe bwanji ufikabe. Pa boti la thanga mawu amenewo kulibe. Mmawa uliwonse madala aja amatuluka ndi kapu ya tiyi, kuyang'ana kumwera, kuyang'ana foni ngati netiweki ilipo, kenako kufunsa achimwene a ku Chembe aja kuti mukuiona bwanji. Iwowo akangopukusa mutu basi tagona pomwepo, olo mutakonzeka bwanji.

Mphepo zake zili ndi maina ndipo asodzi amazitchula ngati anthu. Mwera ndi uja wochokera kumwera chakum'mawa, umalimba nthawi yozizira kuyambira cha mu May mpaka August, nthawi yomweyo imene ife ku Dedza timakhala tikuwotha moto masana. Mpoto umachokera kumpoto nthawi ya dzinja, vuma amachokera kum'mawa. Nyanja yathuyi ndi yaitali makilomita oposa 560 ndipo inagona chakumwera ndi kumpoto, ndiye mwera ukayamba umayenda mtunda wonsewo popanda choutchinga, mafunde amanka nakula ukamapita kumpoto. Ukakhala kumbuyo kwako ndi bwenzi, umangokukankha, nchifukwa chake mpikisano wa maboti a thanga uja umachitika mu July umayambira kumwera cha ku Mangochi kulowera kumpoto. Koma ukafuna kubwerera mwera ukuomba, aaa, pamenepo ndiye pali ntchito. Boti la thanga silingalunjike komwe mphepo ikuchokera, limayenda mopingasa, madigiri 45 kapena kuposerapo, ndiye umapita uku, nkutembenuka kupita uko, zigizagi tsiku lonse, madzulo ukayang'ana kumtunda phiri lomwe unaliona mmawa likadali pomwepo likukuyang'ana. Liwiro lake likakhala bwino ndi ma knots 5, omwe ndi makilomita 9 okha pa ola, wakabaza wa njinga yakapalasa akhoza kukupitirira uku akuyankha foni. Injini ilipo inde, kadizilo kakang'ono, koma madala aja amaiyatsa polowa ndi potuluka padooko basi, mafuta ake mukudziwa nokha mmene akuvutira masiku ano.

Mphepo ikadzaza thanga boti limapendekeka, ndipo ulendo woyamba ndinagwira chitsulo mpaka zala kuchita dzanzi. Anandifotokozera kuti pansi pa boti pali chitsulo cholemera kwambiri cholowa m'madzi, ndi chimene chimalibweza likapendekeka komanso kuliletsa kutsetsereka cham'mbali. Mphepo ikanyanya amachepetsa thanga, kulitsitsa pang'ono nkulimanga, ndipo lamulo lawo ndi loti uchepetse pomwe wangoyamba kuganiza zochepetsa, ukadikira kuti uone kaye uzikamanga zingwe madzi akukumenya kumaso.

Tsono kuphika nsima mmenemo. Mbaula ya gasi inapachikidwa pa timisomali tiwiri moti imagwedezeka yokha, boti likapendekeka iyo imakhalabe chilili, ndipo poto amamupana ndi tizitsulo kuti asathawe. Phala limawira bwinobwino, vuto limabwera povundula. Umafuna dzanja lina ligwire poto, lina mthiko, nanga iweyo akugwira ndani? Achimwene aja amaponda mwendo umodzi pa kabati, msana nkutsamira pa masitepe, nkumavundula motsatana ndi funde, likamakwera amadikira, likamatsika ndi pomwe amakanikiza mthiko. Nsima yake yosalala bwino, yopanda mbulu ndi imodzi yomwe. Ine yanga anaidya mwaulemu chabe. Ndiwo sizinkavuta, mabwato amabwera okha pambali pa boti mmamawa, usipa wauwisi, utaka, tsiku lina kampango wamkulu, koma chambo ndiye chasowa ndithu ndipo mtengo wake ngakhale pamadzi pomwepo ndi wa mu tauni. Chomwe ndinachisowa ndi masamba, kabichi ndi tomato wa pa Lizulu ndinkachita kumulota.

Kuchoka ku Chembe tinadutsa pafupi ndi chilumba cha Mumbo nkuwoloka kupita ku zilumba za Maleri kufupi ndi Senga Bay. Pamenepo ndi pomwe ndinadziwa kuti Linthipe yemwe timawoloka pa M1 uja amathera cha komweko, ndipo achimwene aja anandiseka kuti dzinja madzi amafiira dera lonselo, dothi lanu la ku Dedza limabwera kuno kudzakwirira malo oswanirana nsomba. Ndinalibe choyankha, mitengo tinadula ndife. Mbenji tinangomuona chapatali, chilumba chija cha kwa a Makanjira a ku Salima chomwe amachitseka dzinja lonse kuti nsomba ziswane, ndipo mowa ndi juga saloleza. Asodzi amachilemekeza kuposa malamulo olembedwa m'maofesi.

Usiku ndi pomwe pali moyo weniweni wa pa boti, ndipo palibe amene amajambula zimenezo. Ukafika pamalo sumangoponya nangula ngati mwala. Umayang'ana kaye kuti mphepo ikatembenuka usiku ikukankhira kuti, pansi pali mchenga kapena miyala, kenako umatsitsa tcheni chotalika kasanu kuyerekeza ndi kuya kwa madziwo, pa mamita 4 ndiye kuti tcheni mamita 20, nkubweza boti pang'onopang'ono kuti nangula alume. Ukatero umasankha zizindikiro ziwiri kumtunda, mwina mtengo wa mlambe ndi nyale ya pa sitolo, nkuziloweza mmene zaimira. Ku Nkhotakota mwera unadzuka pakati pa usiku, tcheni chikulira gudu gudu kutsogolo, zingwe zikumenya mlongoti, ndipo tinagawana maola, wina agone wina akhale panja ndi tochi kuyang'ana ngati zizindikiro zija zasuntha. Zikasuntha ndiye kuti nangula wazuka ndipo mukupita kumtunda muli mtulo. Ndinakhala pamenepo nditafunda bulangete, kuzizira kwake kosasiyana ndi kwathu, maso ali pa kanyale kamodzi mpaka tambala wa m'mudzi analira. Malo amenewo ngakhale Ilala siifika kumtunda, imaima patali anthu nkumatsika pa maboti ang'onoang'ono ndi matumba awo pamutu.

Usiku wabata nawo uli ndi zake. Nyanja yonse imadzaza nyale za asodzi a usipa, siginala ali pa bwato lake ndi nyale kuitana nsomba, anzake akuzunguliza ukonde wa chilimira, ukayang'ana uona ngati tauni yamera pamadzi. Nzokongola koma kwa woyendetsa boti ndi mutu wopweteka, chifukwa ukonde ukakola chitsulo cha pansi chija kapena pulopela wawononga chuma cha banja la eni ake, ndipo mlandu wake sutha ndi pepani.

Kuchoka ku Nkhotakota kupita ku Likoma ndi makilomita oposa 100 pang'ono, tinanyamuka kusanache nkufika dzuwa litapendeka. Pakatipo pali nthawi yomwe mtunda umangooneka ngati nthunzi, madzi akuda bii, ndipo ukakumbuka kuti kumpoto uko nyanjayi imafika mamita 700 kuya, laifi jaketi umaimanga bwino wekha. Madala aja anasankha nthawi imeneyo kutikumbutsa za Vipya, sitima yatsopanotsopano yomwe inamira mu July 1946 cha ku Chilumba chifukwa cha mphepo yomweyi nkupha anthu 145. Ndinawapempha kuti nkhani imeneyo tikaimalizire kumtunda. Ndinaonanso nkhungu koyamba, ndimayesa kuti kwinakwake kukupsa, chiutsi chakuda chitaima pamadzi, osadziwa kuti ndi tizilombo touluka tomwe anzathu a m'mphepete mwa nyanja amakola nkupanga ndiwo.

Ku Likoma anthu amathamangira tchalitchi chachikulu cha St Peter's, ndipo nchachikuludi, koma ine chomwe chinandigwira mtima ndi maboti a matabwa a thanga omwe amawoloka kupita ku Cobue ku Mozambique. Thanga lake ndi matumba osokedwa pamodzi, zigamba pamwamba pa zigamba, mlongoti ndi mtengo wamba, mkatimo nkhuni, ufa, mbuzi ndi azimayi ndi ana awo. Alibe GPS, alibe batire, koma amalowa pagombe mwaluso moti madala athu aja ndi zida zawo zonse anavula chipewa. Apa ndi pomwe ndimatsutsana ndi anthu onena kuti zoyenda ndi thanga ndi masewera a azungu. Panyanja pano matanga analipo kalekale, ngakhale mbiri yake ina njowawa, paja Jumbe wa ku Nkhotakota ankawolotsa akapolo ndi minyanga pa zombo za thanga zomwezi kupita kutsidya zaka za m'ma 1800. Chachilendo ndi choti munthu azigona momwemo mwa kufuna kwake, nyumba ali nayo kumtunda.

Madala aja ali anyamata anayendako panyanja ya mchere, ndiye madzulo ankatisimbira za anthu omwe anagulitsa nyumba nkusamukira pa boti ndi ana omwe. Akuti chaka chilichonse mu November maboti ambirimbiri amanyamuka ku Las Palmas ku Canary Islands kuwoloka Atlantic mpaka ku Saint Lucia, masabata awiri kapena atatu osaona mtunda, ndipo munthu woyamba kuzungulira dziko lonse yekhayekha pa boti la thanga, Joshua Slocum, ananyamuka mu 1895 nkubwerera mu 1898. Kumeneko madzi akumwa amachita kuyeza ndi kapu kapena kugula makina osefa mchere, mchere womwewo umadya mawaya ndi zitsulo, komanso madzi amakwera ndi kutsika kawiri patsiku moti ukaima polakwika upeza boti lakhala pamchenga. Ife kuno timangotunga ndi ndowa nkuwiritsa kapena kuthira WaterGuard. Chathu choopa ndi likodzo m'malo osaya a bango, ndi ng'ona ndi mvuu kumathiriro a mitsinje, moti posamba timasambira pakati, osati m'mphepete.

Wina andifunsa kuti ndiye nzotchipa eti, poti mphepo njaulere. Mphepo yokhayo ndi yaulere. Tsiku lililonse pali chomwe chamasuka, chatha kapena chikudontha, lero pampu ya chimbudzi, mawa thanga lang'ambika pamsoko tikusoka ndi singano yaikulu, mkuja fyuzi. Tizitsulo tambiri sitipezeka m'mashopu a hadiweya kuno, amachita kuitanitsa ku Johannesburg nkudikira. Munthu waulesi kapena wosachedwa kupsa mtima asayerekeze, chifukwa mukayambana palibe kotulukira kuti ukapitidwe mphepo, mnzakoyo ali pompo mawondo anu akugundana.

Ine ndinatsikira ku Nkhata Bay nkukwera basi ya mu M5 kudzera ku Salima, mtunda womwe tinauyenda masabata basi inaumaliza tsiku limodzi, ndipo pansi pankangogwedezeka ndikaima mpaka mawa lake. Boti likadali komweko, madala akuti salimbana ndi mwera, adikira ufooke kapena mpoto uyambe ndi pomwe abwerere kumwera. Andiimbira kale kuti ndikapite ndi batire ina ndi waya wa 6 mm, koma mayi a kunyumba anena kuti ndiyambe ndagula feteleza.