Tinatsika pansi pa tchalitchi ku Roma

Paulendo wa ku Roma tinalipo 14, ambiri akatekisiti, kuphatikizapo amayi awiri a kwaya. Za ku Vatican anzanga afotokoza kale, ine ndinena za tsiku lachitatu.

M'mawa tinapita ku tchalitchi cha San Clemente, chakufupi ndi Colosseum, bwalo lakale la masewero. Tchalitchi cha pamwamba ndi cha m'ma 1100. Ukatsika masitepe upeza china cha m'ma 300. Ukatsikanso ufika m'tinjira tozizira, tonunkha chinyontho, madzi akumveka kuyenda kuseri kwa khoma. M'menemo muli guwa la Mithras, mulungu amene Aroma ena ankapembedza, wosemedwa pamwala akubaya ng'ombe yamphongo. Mayi wina anafumbata korona yake n'kunong'ona, "Abambo, ndiye kuti nthawi yonseyi timapemphera pamwamba pa mafano?"

Wansembe wa kwathu amene akuphunzira kumeneko, yemwe ankatitsogolera, anati Akhristu a nthawi ya guwalo sankayankhula ngati eni mzinda. Justin, mlembi wachikhristu amene anaphedwa mu Roma momwemo cha m'ma 165, analembera mfumu Antoninus Pius kudandaula kuti Akhristu aziweruzidwa pa zimene alakwa, osati pa dzina lokha. Kwa iye milungu ya Aroma inali ziwanda, ndipo buledi ndi chikho cha madzi za pa mwambo wa Mithras ankati ndi ziwandazo kutsanzira Ukaristiya.

Olemba achikhristu ankakondanso kuseka Jupiter, mulungu wamkulu wa Aroma. Mulungu wanji, lero wasanduka ng'ombe kuti abe mtsikana Europa, mawa mbalame chifukwa cha mkazi wa mwini? Mulungu weniweni sasintha. Ine ndinaseka, ndikukumbukira nkhani za kumudzi za anthu osanduka afisi. Kusekako sikunapite patali. Abambo anati Celsus, wosapembedza Khristu koma wophunzira zedi, anawabwezera mawu awo omwe: ngati Mulungu wanuyo sasintha, anasanduka bwanji munthu? Tonse zii. Ine zaka zonsezi ndikuphunzitsa katekisimu funsoli silinandifikepo chonchi.

Yankho lodziwika linabwera cha m'ma 248 kuchokera kwa Origen, mphunzitsi wachikhristu. Iye anati Mwana wa Mulungu sanataye umulungu wake, anangotsika kudzatifikira, monga sing'anga amene amagwira zilonda za odwala. Sing'angayo mwina n'kutengera matenda, koma Iye ayi.

Masana tinalowa mu Pantheon, nyumba yakale ya milungu ya Aroma. Pofika 609, pamene Papa Boniface IV anaisandutsa tchalitchi atapatsidwa ndi mfumu Phocas, mkangano unali utapita kwina. Mfumu Theodosius anali ataletsa kale nsembe za milungu ija mu 391 ndi 392, ndiye amene poyamba ankadandaulira mfumu tsopano lamulo linali kumbali yawo. Kunena zoona, ine mtima unatsalira kwa Justin ndi Origen, amene analibe msilikali wowathandiza kutsutsa.

Tili mkatimo mvula inayamba, ikugwera pabowo lalikulu la padenga n'kutsikira m'timabowo ta pansi. Mayi uja anatambasula dzanja kuti imudonthere, kenaka anafunsa ngati masitepe ena otsika pansi alinso muno, chifukwa maondo ake anali atakana.