Mendulo anavala galu, ine ndinabwerako ndi matimati aawisi

Pakamwa pangapa padzandiphetsa tsiku lina, ndikukuuzani. Zonsezi zinayambira pa bawo Lamlungu lina kwa alamu anga ku Mabvuku, mu Harare ku Zimbabwe kuno, tili pansi pa mtengo wa mango, chigubu cha Chibuku chikuzungulira bwinobwino. Ndiye anatulukira mwana wa alamuwo, mnyamata uja amadzuka 5 koloko m'mawa kumathamanga mumsewu ngati akuthawa angongole, n'kunena kuti kuli mpikisano wothamanga m'mapiri cha ku Domboshava, makilomita 21, ndipo wofuna kuthamanga ndi galu wake akuloledwa. Ine m'malo mongoti zikomo n'kupitiriza kutakata bawo langa, mowa unandiyankhulitsa. Ndinati makilomita 21 n'chani kwa mwana wa ku Mulanje, ife tinabadwira m'tsinde mwa Sapitwa, mamita 3,002 osachotsera, timiyala ta ku Domboshavati kwathu ndi poyanika ufa. Mpaka ndinafika potchula Porters Race, mpikisano wothamanga m'phiri la Mulanje uja umayambira pa Likhubula, kuyankhula ngati ndinapambanapo. Chilungamo chake, Porters Race ndinaionera kawiri basi, ndipo kawiri konseko ndinali pa Likhubula pompo ndi dengu, kugulitsa nthochi ndi zitumbuwa.

Alamu anga ndi munthu wosapupuluma. Anangoika njere za bawo pansi, kutulutsa foni, kufunsa mwana wawo nambala ya EcoCash yolipirira mpikisanowo pa foni, kenako anati, "Alamu, ndakulipirirani, ndipo galu mutenge wanga yemweyu. Mukatibweretsere mendulo." Anthu kuwomba m'manja. Ine mowa kuthera pompo.

Galuyo ndikufotokozereni kaye chifukwa ndiye mwini nkhani. Ndi galu wachikuda, wofiirira, nthiti zochita kuwerengeka ngakhale amadya kuposa ine, khutu lina loimirira lina logwa. Dzina lake ndi Dziwazako. Anamutcha ndi akazi awo a alamu atakangana ndi aneba pa nkhani ya chingwe choyanikapo zovala, mukudziwa kwathu munthu ukasowa pomunenera mnzako umangopereka uthenga kwa galu, ndiye ukamamuitana madzulo mawu amakafika okha. Vuto ndi loti anebawo ndi Ashona, dzinalo salimva, mpaka lero amamuitana mwachikondi n'kumamuponyera mafupa.

Kukonzekera kwanga kunali kotere: ndinapita ku Mupedzanhamo ku Mbare kukagula nsapato za kaunjika za madola 5, zooneka bwino pamwamba koma pansi pake posalala ngati mbale ya tsiku la ukwati, kenako ndinathamanga kawiri kuchoka kunyumba kukafika pa mashopu a Kamunhu, ulendo wachiwiriwo pobwera ndinakwera kombi. Amake mwana anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, inshuwalansi ya maliro ija munalipira mwezi uno?"

Tsikulo linali Loweruka mu January, mvula ili pakati. Tinanyamuka kusanache pa ka Honda Fit ka alamu chifukwa palibe kondakitala wa kombi angalole galu, kudutsa Borrowdale, Hatcliffe, mpaka miyala ikuluikulu ija inayamba kuoneka, kumwamba kuli bii ngati pansi pa mphika. Kufika poyambira ndinaona kuti ndalowa m'khola la eni. Anthu avala timabudula tothina, kumsana tizikwama ta madzi tokhala ndi paipi yoyamwa ngati ana, agalu awo onenepa ovala zomangira pachifuwa, chingwe chake chotamuka ngati legeni chokoleka pa lamba wa m'chiuno. Ine ndinali ndi chingwe chomangira mbuzi, mbali ina m'khosi mwa Dziwazako, mbali ina m'chiuno mwangamu, ndipo alamu anamanga okha mfundo yake katatu kuti galu wawo asasowe. Kamba wa paulendo anali botolo la Mazoe lothiramo madzi ndi mbatata ziwiri zophika mu jumbo. M'mimba munali mkute wa dzulo.

Wezulo itangolira mvula nayo inayamba, ngati inkadikira yomweyo. Koma abale makilomita 5 oyambawo ndinali munthu. Dziwazako ataona agalu anzake patsogolo anakoka ngati ng'ombe ya pangolo, ine kumangoponya miyendo kuti ndisagwe, kupitirira azungu, kupitirira anyamata a mawotchi odula, mpaka ndinayamba kupereka moni kuti mangwanani, mangwanani, ngati phungu pa kampeni. Mumtima ndinkati mwina zija ndinanena pa bawo zinali zoona ndithu. Nambala ya pachifuwa inali itanyowa, mapini akung'amba malaya, ndiye ndinaichotsa n'kuiika mu jumbo ya mbatata, jumboyo ndinaimangirira pa chingwe cha m'khosi mwa galu kuti katundu anyamule iyeyo. Ndinadziona wanzeru kwambiri. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kukwera thanthwe ndi galu wokukoka n'kokoma, kutsika ndiye nkhani ina. Miyala ya kumeneko ikauma nsapato imagwira bwino, koma pamene pamayenderera madzi pamakhala timizere takuda ta ndere, ndipo mvula ikagwa pamenepo pamaterera kuposa therere. Anzanga odziwa ankatsika chammbali, pang'onopang'ono, kupewa mizere yakudayo, agalu awo akumvera akauzidwa kuti aime. Wanga mawu oti ima sanawamvepo chibadwire. Phazi loyamba pa ndere, miyendo yonse m'mwamba, thako pa mwala phwa, kenako ulendo unayambika, galu patsogolo ine pambuyo chokhala, madzi akulowera mwendo uwu wa kabudula kutulukira winawu, botolo la Mazoe linandipitirira likugubuduka lokha ndipo sitinaonanenso. Mayi wina wachizungu ndinamudutsa chokhala chomwecho, anandifunsa ngati ndili bwino, ine ndinangokweza chala chachikulu ngati ndi sitayilo ya kwathu ku Mulanje. Pofika pansi kabudula kumbuyo kunalibe, kunangotsala lamba ndi matumba.

Apa mvula inali itafika poti munthu sukuona mamita 10 patsogolo, mabingu akugunda m'mapirimo mpaka ndinamvetsa chifukwa chake phiri lina la kumeneko analitcha Ngomakurira, ng'oma zikulira. Njira anaika zizindikiro za timaliboni m'mitengo ndi mivi yojambula pa miyala, koma mivi ija madzi anali atachapa, timaliboni ine sindinkationa chifukwa maso anali pa mchira wa galu. Ndiye penapake, ndikuganiza cha pa kilomita 11, panadutsa kambuzi kakang'ono konyowa kakulira. Dziwazako anaiwala mpikisano, anaiwala alamu, anakhota ngati kombi yothawa apolisi, ine pambuyo, m'tchire, m'minga, kudumpha ngalande, kubowola mpanda wa mitengo, mpaka ndinangozindikira ndili chafufumimba m'dimba la munthu, m'kamwa muli matope, timitengo tomangirira matimati tikugwa motsatizana kulikonse kumene chingwe chadutsa. Anthu a ku Domboshava matimati ndiye ndalama zawo, ambiri amene mumagula pa Mbare Musika amachokera komweko, ndiye mudziwe kuti ndinagwera mu banki ya munthu.

Kukweza mutu ndinaona agogo ena atafunda thumba la feteleza kumutu, chikwakwa m'manja, akukalipa m'Chishona kufunsa chimene ndikufuna m'munda mwawo. Nthawi yomweyo galu anakokanso, ine ndi ukali wonse ndinakuwa kuti, "Dziwazako! Dziwazako iwe, wopanda khalidwe!"

Agogo aja anangoti zii. Anachotsa thumba kumutu pang'onopang'ono, n'kuyankhula Chichewa chakale chija chokoma, cha ku Dedza chenicheni. "Mwana iwe, wati chiyani? Ndidziwe zanga ine? M'dimba mwanga momwe muno?"

Zimbabwe yonseyi, minda yonse ya ku Domboshava, ine kukagwera mwa munthu womva. Ndinayesa kugwada koma ndinali chigonere kale, ndinati pepani agogo ndi dzina la galu, iwo anati galu wake uti wa dzina lotero, ukundiyesa mwana eti. Mpaka ndinachita kuitana mofatsa, galu n'kugwedeza mchira, m'pamene anakhulupirira, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi m'matope momwemo. Mfundo ya alamu ija itamwa madzi inakana kumasuka, ndiye agogo anangodula chingwe ndi chikwakwa kuti ndipume. Dziwazako atamva kuti katundu wachoka anandiyang'ana kamodzi, kenako anamva agalu akuuwa kuphiri, liwiro. Jumbo ya nambala ili lendelende m'khosi.

Ananditengera kukhitchini kwawo, kundipatsa chitenje chifukwa kunali adzukulu aakazi ndipo mmene kumbuyo kwanga kunalili sizikanatheka. Tiyi wa masamba ambiri, chimanga chootcha, moto wa utsi. Anandiuza kuti bambo awo anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya, cha m'ma 1950, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, iwo anabadwira konkuno n'kukwatiwa konkuno, kumudzi sanapondeko koma Chichewa anachisunga ngati mbewu. Atandifunsa mfunda n'kupezeka kuti tonse ndife a Phiri, ndinati basi Mulungu ndi wabwino, mlandu watha. Ndinayamba ndi kuwatchula azakhali, n'kuponyapo mwambi kuti chibale ndi fupa sichiola. Iwo anati, "Eya mwana wa achimwene, chibale sichiola koma matimati amaola. Tiye tikawerenge."

Tinawerenga mitengo 23 yothyoka. Anati madola 10, osachotsa olo kobiri. Ndalama yomwe ndinasokerera m'lamba kuti ndidzagule nyama yootcha pokondwerera mendulo inathera pamenepo, koma poti ndi azakhali anatola matimati aawisi onse amene anayoyoka n'kundidzazira kandowa, ati zimene walipira uzinyamule, ndowayo udzabweze.

Foni yanga inali itamwa madzi kalekale, ndiye sindinkadziwa zimene zinkachitika kothera mpikisano. Kumeneko akuti galu anatulukira yekha pambuyo pa kagalu kena kakakazi, anadutsa pa mzere bwinobwino, chingwe chodulidwa ndi chitsulo chikukwekwereza pansi, nambala yanga ili m'khosi. Anthu anayamba kundifunafuna m'maphompho, alamu anaimbira amake mwana kuti alimbe mtima, amake mwana anaimbira azimayi a kumpingo, ku Mabvuku ena anali atayamba kale kufunsa ngati thupi lipite ku Mulanje kapena aike konkuno poti mayendedwe ndi odula.

Cha m'ma 2 koloko masana mvula itakata, ndinatulukira ine, kuchokera mbali yolakwika, kumene kumaimikidwa magalimoto, nditavala chitenje cha maluwa, nsapato imodzi yopanda pansi, ndowa ya matimati pamutu, kamdzukulu ka agogo kakunditsogolera. Anthu onse anangoti chete. Pansi pa tenti panali Dziwazako, wouma bwinobwino atamupukuta ndi thaulo, mendulo ili m'khosi, akudya soseji m'manja mwa mayi wachizungu uja ndinamudutsa chokhala. Galuyo anandiona koma sanadzuke n'komwe.

Alamu anabwera, kundizungulira kawiri, kusuzumira m'ndowa, kenako anati, "Alamu, mendulo tailandira, zikomo kwambiri. Nanga matimatiwa ndi a nambala chani?"

Mendulo ili pakhoma kwa alamu, pansi pa chithunzi cha ukwati. Matimati tinawayala pawindo, anapsa onse tsiku limodzi, sabata yonse ndiwo zinali matimati okhaokha. Ndowa ija sindinabwezebe, ndipo dzulo amake mwana andiuza kuti Loweruka ndikaibweze ndekha, nditengenso shuga wa azakhali ndi chitenje chawo.